TULO TA MBEWA NDI NCHITO YA CIWINDI

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za kumidzi

Mphunzitsi wa kumudzi afunsidwa mafunso ambiri amene sanawaphunzire ku sukulu ya uphunzitsi. Popeza ndiye adziwa kuwerenga zolembedwa pa botolo, amai amtengera mankhwala a mwana kuti awauze muyeso wace, ndipo alimi amtengera citini ca mankhwala a thonje kuti awamasulire Cingerezi cace. Pakati pa mafunso onsewo pali limodzi lobwera kawiri-kawiri: Nanga bwanji mankhwala amodzi-modzi, a muyeso umodzi-modzi, aciritsa uyu, alephera pa uyo, nadwalitsa wacitatu? Ena ayankha kuti ndi mwazi wa munthu, ena kuti dotolo anapereka mankhwala osukuluka, ndipo ena ayamba kuganizira mnansi wao zoipa. Mbali yaikuru ya yankho loona inapezeka pa kanyama kamene anthu a kuno akadziwa bwino koposa, ndiko mbewa.

Si mbewa zija anyamata azikumba m'minda m'cilimwe ai. Izi ndi mbewa zoweta, zosungidwa m'mabokosi m'nyumba zofufuziramo za sayansi, ndipo imodzi ilemera magalamu 20 kufikira 30. Eni ace azikwatitsa mlongo ndi mlongo wace mibadwo yambiri-mbiri, kufikira zonse za mzere umodzi zifanana cibadwa monga mapasa. Mzere wochedwa DBA unayambidwa ndi Clarence Little ku America mu 1909, ndi wina wa mbewa zakuda, wochedwa C57BL, mu 1921. Phindu lace ndi ili: mbewa ziwiri zofanana cibadwire zikayamba kusiyana, wofufuza adziwa kuti cosiyanitsa cili m'zimene zadya, zapuma kapena zabayidwa.

Kuyesa kumene kunatsegula nkhani yonse nkwapafupi, mwana wa sukulu akhoza kukumva. Mbewa ibayidwa jekeseni wa mankhwala ogonetsa ochedwa hexobarbital, monga mwa kulemera kwace. Ikagona aigoneka cagada pa tebulo, nayang'ana wochi. Mbewa imene ili maso siilola kukhala cagada. Tsono pamene idzitembenuza niima ndi miyendo yace, adziwa kuti yauka, nalemba mphindi zimene yagona. Tulo timeneti sititha cifukwa mbewa yapumula, koma cifukwa ciwindi caphwanya mankhwalawo, nacepa m'mwazi ndi m'bongo. Potero kutalika kwa tulo kuonetsa liwiro la ciwindi. Mbewa youka msanga ili ndi ciwindi cacangu, ndipo yocedwa kuuka ili ndi ciwindi caulesi kapena codwala.

Mu 1958, ku Bethesda m'dziko la America, Gertrude Quinn, Julius Axelrod ndi Bernard Brodie anayesa nyama za mitundu inai. Mbewa inagona mphindi ngati 12, kalulu woweta 49, khoswe 90, ndipo garu, ngakhale anampatsa theka lokha la muyeso, anagona mphindi 315, ndiko kunena maora asanu ndi kanthu. Atatenga tizidutswa ta ziwindi za nyamazi nayesa m'magalasi, anapeza zomwezo: ca mbewa cinaphwanya mankhwala msanga koposa zonse, kuposa ca garu kakhumi ndi kupitirirapo.

Nanga m'ciwindimo muli ciani cogwira nchito yotere? Muli maenzaimu. Dzinali ndi lacilendo, koma cinthu cace ncodziwika kwa mai ali yense wophika thobwa. Phala la ufa silizuna. Koma akathiramo cimera pang'ono, phala lija lisungunuka niliyamba kuzuna, pakuti m'cimera muli maenzaimu amene adula-dula ufa nausandutsa shuga. Enzaimu isintha cinthu cina, yokha osasinthika, monga munsi usinja mitondo yambiri ya cimanga osasanduka ufa.

Impso zikhoza kutaya ndi mkodzo zinthu zokha zosungunuka m'madzi. Koma mankhwala ambiri ndi ziphe zambiri zikonda mafuta, ndipo zikadakhala m'thupi milungu ndi miyezi ciwindi cikadapanda kuzisintha. R. T. Williams, mphunzitsi wa ku Wales amene anagwira nchito ku London, anafotokoza m'buku lace la 1959 kuti kusinthaku kucitika kawiri. Kufanana ndi mlimi wofuna kuturutsa ng'ombe yamphongo m'khola kuti aiphunzitse goli: poyamba aiboola mphuno, pambuyo pace apisamo cingwe naikoka. Maenzaimu oyamba ndi oboola. Alumikiza kacidutswa ka okosijeni pa mankhwala, napangapo pogwira. Aciwiri ndi omanga. Amangirira pamenepo cinthu cokonda madzi, monga mtundu wina wa shuga kapena cina cochedwa glutathione, ndipo zonse zituruka ndi mkodzo kapena ndi ndulu. Mlimi ali yense adziwanso kuti nthawi yoopsa ndi ija ng'ombe yabooledwa koma cingwe cisanamangidwe. M'thupi momwemonso, ndipo nkhani yonse yotsatira iima pamenepo.

Maenzaimu oboola ali a pfuko limodzi lalikuru lochedwa cytochrome P450. Anayamba kuoneka mu 1958 monga utoto m'tizidutswa ta ciwindi, ndipo mu 1962 Tsuneo Omura ndi Ryo Sato a ku Osaka, Japan, anawapatsa dzinali. Nambala ya 450 inena mtundu wa kuwala kumene utotowo umeza pouyesa. Ali ndi citsulo pakati pao monga mwazi. Munthu ali nayo mitundu 57, mbewa 102, ndipo uli wonse uli ndi dzina lace la zilembo ndi manambala, maina osakoma m'kamwa, amene atatu okha adzachulidwa pano. Acuruka m'ciwindi, koma alimonso m'matumbo, m'impso, m'mphuno ndi m'mapapu.

Cimene cinadabwitsa ofufuza ndi cakuti liwiro la ciwindi silikhala pamodzi. Ku yunivesite ya Iowa, James Fouts ndi anzace anaona kuti makoswe ao ayamba kuuka msanga ku tulo ta hexobarbital, cinkana sanasinthe cakudya kapena muyeso. Atafunsa-funsa anapeza kuti zipinda zosungiramo nyama zinapoperedwa chlordane, mankhwala ophera tizirombo. Makoswe sanaoneke odwala ai. Ziwindi zao zokha zinamva mlendoyo, nizipanga maenzaimu ambiri, ndipo maenzaimuwo anaphwanya ndi hexobarbital yemwe. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 1963, ndipo posacedwa DDT anapezeka kuti acita cimodzi-modzi. Mu 1969 madotolo a ku Sweden anayesa anthu ogwira nchito ndi DDT ndi lindane, napeza kuti matupi ao acotsa mankhwala ena oyesera msanga koposa a anzao.

Codabwitsa coposa cinaturuka m'mabokosi a mbewa momwemo. Mu 1967 Elliot Vesell anaonetsa kuti mbewa zogona pa zopalidwa za matabwa a paini, kapena za mtengo wa pfungo wa ku America wochedwa red cedar, ziuka msanga koposa zogona pa zopalidwa za mitengo yolimba yopanda pfungo. Kusinthaku kunadza m'masiku owerengeka, ndipo atazibweza pa mphasa yao yakale, tulo tinabwerera mwakale. Panalibe jekeseni, panalibe cakudya catsopano. Mafuta onunkhira a m'mtengo ndiwo anadzutsa ciwindi. Ofufuza ambiri anayenera kubwerera ku mabuku ao ndi manyazi pang'ono, pakuti zina zimene anaziyesa nchito ya mankhwala zinali nchito ya utuci.

Apa ndipo pagona yankho la funso lija. Mphamvu ya mankhwala siili m'botolo mokha. Ciwindi cikumbukira zimene cinakumana nazo dzulo ndi dzana, ndipo mankhwala a lero afika m'thupi limene lakonzeka kale mwa njira yace. Zina zicurukitsa maenzaimu, zina ziwatseka pakamwa. Madzi a manyumwa, mwa citsanzo, atseka enzaimu yaikuru ya m'matumbo, kotero kuti mankhwala ena a kuthamanga kwa mwazi alowa ocuruka koposa muyeso wa dotolo. Ngati mtengo wa matabwa ndi cipatso ca m'munda zicita izi, palibe cifukwa ca kuyesa kuti mizu ndi makungwa a sing'anga sizikhudzana ndi mapiritsi a ku cipatala. Ndipo wodwala wobisira dotolo zimene alikumwa kunyumba ambisira theka la nkhani.

Munthu akhoza kuganiza kuti kucuruka kwa maenzaimu ndi mwai wokha-wokha, popeza ziphe zituruka msanga. Si tero ai, ndipo umboni wace uli pa mankhwala opezeka m'sitoro iri yonse, a paracetamol, amene ambiri awadziwa ndi dzina la Panadol kapena Panado. Pa muyeso woyenera ngabwino ndithu. Gawo lalikuru silifuna kuboola. Ciwindi cingomangapo cingwe nicilitaya. Kagawo kakang'ono kokha kapita kwa maenzaimu oboola, makamaka imodzi yochedwa CYP2E1, nikasanduka cinthu caukali cimene cimamatira pa ciri conse cacikhudza. Pomwepo glutathione acigwira nacimanga, ndipo sipakhala bvuto.

Mu 1973, ku Bethesda komweko, Jerry Mitchell, David Jollow, James Gillette ndi Brodie anaonetsa pa mbewa cimene cicitika muyeso ukapitirira. Glutathione wa m'ciwindi atsika ora ndi ora, ndipo akatha magawo ngati 7 mwa 10, caukali cija cisowa wocimanga, nicigwira maselo a ciwindi, ndiwo tizipinda tamoyo timene timanga thupi, ndipo afa. Mbewa zimene zinayamba zapatsidwa phenobarbital, mankhwala a khunyu ocurukitsa maenzaimu oboola, zinabvulala koposa. Zimene zinapatsidwa piperonyl butoxide, wotseka maenzaimuwo, zinapulumuka. Zinapulumukanso zopatsidwa cysteine, cimene thupi lipangira glutathione. Pambuyo pace, mu 1996, ofufuza anabala mbewa zopanda CYP2E1, ndipo zinakhala ndi moyo pa muyeso umene unapha zinzace. Motero ciphe siciri m'piritsi ai. Thupi lokha licipanga, pofuna kudziyeretsa.

Kucokera pa mbewa zimenezi madotolo, makamaka a ku Edinburgh, anafika pa mankhwala opulumutsa ochedwa acetylcysteine, amene abwezera ciwindi glutathione wace. Agwira nchito bwino koposa akaperekedwa m'maora 8 oyamba. Koma bvuto lace ndi lakuti m'maora amenewo wodwala saoneka wodwala. Tsiku loyamba amva nseru cabe, kapena samva kanthu konse. Kupweteka kwa pansi pa nthiti za ku dzanja lamanja ndi cikasu m'maso zidza pa tsiku laciwiri kapena lacitatu, ciwindi citaonongeka kale. Cakudza siciimba ng'oma. Mphunzitsi woyang'anira ana ogonera pa sukulu akamva kuti mwana wameza mapiritsi odzala dzanja, mwangozi kapena mwadala, asatonthozedwe poona kuti mwanayo alikuceza ndi anzace; ayenera kupita naye ku cipatala nthawi yomweyo, atatenga pepala la mapiritsiwo. Munthu wamkuru sapitirira mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa maora 24, ana apatsidwa monga mwa kulemera kwao, ndipo mankhwala ambiri a cimfine ali naye paracetamol m'kati, kotero kuti munthu akhoza kumwa kawiri osadziwa. Ofunika kucenjera koposa ndi amene amwa kacasu masiku onse nadya pang'ono, pakuti mowa ucurukitsa CYP2E1, monga Charles Lieber wa ku New York anayamba kuonetsa mu 1968, ndipo njala icepetsa glutathione. Mwa iwo oboola acuruka, omanga acepa.

Piperonyl butoxide uja wafikanso m'nyumba za kumidzi mwa njira yina. Udzudzu nao uli ndi maenzaimu a P450, ndipo m'madera ambiri a Zambia, Malawi ndi Mozambique unawacurukitsa kufikira mankhwala a m'maneti analeka kuupha. Cifukwa cace maneti ena apakidwa piperonyl butoxide kuti atseke maenzaimu a udzudzu, ndipo bungwe la WHO linabvomereza maneti otere mu 2017.

Pali ziphe zina zimene sizicurukitsa maenzaimu koma kuwapha. Carbon tetrachloride ndi madzi oyera a pfungo lozuna, amene Maurice Hall wa ku America anapeza mu 1921 kuti apha njoka za m'mimba zoyamwa mwazi. Anthu ambiri-mbiri a m'maiko otentha anamwetsedwa, ambiri nacira, koma ena anafa ndi ciwindi, makamaka akumwa mowa, ndipo mankhwalawa anasiyidwa. CYP2E1 ikawaboola, paturuka kacidutswa kaukali kamene kaphwanya enzaimu yomweyo imene yakabala, nikaononga mafuta a m'makoma a maselo. Mbewa yopatsidwa madziwa lero, mawa lace igona tulo tatitali zedi ikabayidwa hexobarbital, popeza palibe wophwanya. Mu 1998 mbewa zopanda CYP2E1 zinapatsidwa madzi omwewa, ziwindi zao osaonongeka. Ndipo mu 1966 ofufuza a ku Britain anaona cinthu cobvuta kucikhulupirira: makoswe odyetsedwa cakudya copanda zomanga thupi anapirira ciphe cimeneci, cifukwa ziwindi zao zinasowa zopangira maenzaimu, koma atayamba apatsidwa DDT anabvulala nacho kwambiri. Asamvepo wina kuti njala ndi mankhwala. Pa paracetamol njala yomweyo ipha.

Ciwindi cachulidwa kwambiri, koma mapapu ndiwo khomo lotseguka usana ndi usiku. Munthu wamkuru apuma malita a mpweya oposa 10,000 pa tsiku, ndiponso mwazi wonse wa m'thupi upita m'mapapu. Njira ya mpweya igawikana monga nthambi za mtengo, ndipo m'timphanda tace tating'ono muli maselo a mitundu iwiri: ena ali ndi taubweya tosesa pfumbi, ena ngosalala, a mitu yotumphuka. Osalalawa anachedwa kale ndi dzina la Max Clara, amene anawalongosola ku Leipzig mu 1937. Koma popeza anaphunzira pa mitembo ya akaidi ophedwa m'nthawi ya Hitler, dzinalo linacotsedwa mu 2013, ndipo tsopano achedwa club cells. Ndiwo asunga maenzaimu oboola a m'mapapu, ndipo pa mbewa ndi oposa theka la maselo onse a m'tinjira timeneti.

Timibulu toyera tonunkha timene anthu aika m'mabokosi a zobvala kuthamangitsa njenjete kawiri-kawiri ndi ta naphthalene. Mbewa ikabayidwa naphthalene m'mimba, munthu akadayembekeza kuti ciwindi ndico cidzabvulala, popeza ndiko mankhwala ayamba kufika. Koma obvulala ndi mapapu. Pasanathe maora 24 maselo osalala aja atupa, nafa, nasupuka, pamene anansi ao a ubweya ali bwino-bwino, ndipo ndiwo atambasuka kuphimba bala kufikira atsopano atamera patapita milungu iwiri kapena itatu. Izi zinayamba kuoneka mu 1977, ndipo Alan Buckpitt ndi Charles Plopper a ku Davis, California, anazilondola zaka zambiri. Cifukwa cace ndi enzaimu yochedwa CYP2F2, yocuruka m'maselo amenewa, imene iboola naphthalene mwacangu kotero kuti glutathione wa m'selomo atha. Mbewa zopanda enzaimuyi, zimene zinayesedwa mu 2011, zinapulumuka mapapu. Zazikazi zibvulala koposa zazimuna, ndi tiana koposa zazikuru. Ndipo mbewa yopatsidwa naphthalene tsiku ndi tsiku kwa masiku 7 ifika pozolowera, maselo ace naphunzira kupanga glutathione wambiri, kotero kuti ipirira muyeso waukuru. Koma ikapuma masiku owerengeka kuzolowerako kutha.

Khoswe, mbale wace wa mbewa, apatsidwa naphthalene wofikira kumupha, mapapu ace osaonongeka. Iye abvulala m'mphuno. Mapapu a munthu nao aboola naphthalene pang'ono kwambiri poyerekeza ndi a mbewa. Pa munthu coopsa codziwika cili m'mwazi: naphthalene aswa maselo ofiira a anthu obadwa ndi enzaimu ya G6PD yocepa, cibadwa cofala pakati pa anthu a mu Africa, ndipo makanda obvekedwa zobvala zoturuka kumene m'bokosi la timibuluti, kapena ana otimeza poyesa switi, adwala cikasu ndi kucepa kwa mwazi. Maiko a European Union analetsa timibulu ta naphthalene mu 2008.

Utsi uli ndi nkhani yace yaitali. Mu 1775 Percivall Pott, dotolo wa ku London, anaona kuti anyamata osesa mwaye m'macumuni adwala khansa ya pa khungu la kumalisece. Cinthu ceni-ceni cocititsa cinapatulidwa mu 1933, ku London komweko, kucokera m'matani awiri a phula la malasha, ndipo dzina lace ndi benzpyrene. Alimo mu utsi wa fodya, mu utsi wa nkhuni, ndi pa nyama yopserera. Mu 1957 Allan Conney, wophunzira wa James ndi Elizabeth Miller ku Madison, Wisconsin, anabaya tiana ta makoswe ndi benzpyrene, napeza kuti m'tsiku limodzi enzaimu yomphwanya yacuruka kambiri-mbiri. Ciphe cidziitanira cokha wociphwanya. Koma pakati pa kuboola ndi kumanga, benzpyrene asanduka cinthu comamatira pa DNA, ndiwo ulusi wa cibadwa wa m'kati mwa selo, ndipo khansa iyambira pamenepo.

Apa mizere iwiri ija ya mbewa inathandiza kwakukuru. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 Daniel Nebert ndi anzace anaona kuti mbewa zakuda za C57BL zicurukitsa enzaimu ya CYP1A1 zikapatsidwa ziphe za mtundu wa benzpyrene, koma za DBA sizitero m'ciwindi, ndipo m'mapapu zitero pang'ono pokha. Atazikwatitsa, ana onse anatsata zakuda. Pa adzukulu, atatu mwa anai. Mphunzitsi amene anaphunzitsapo za nsawawa za Mendel azindikira msanga kuti ici ndi cizindikiro ca kacidutswa kamodzi ka cibadwa. Mu 1976 Alan Poland wa ku Rochester anapeza cimene kacidutswako kapanga: ndi mlonda wokhala m'kati mwa selo, amene akagwira ciphe apita kukalamula kuti maenzaimu apangidwe. Mlonda wa DBA agwira mofooka. Ndipo ziphe zotere zitathiridwa m'njira ya mpweya, mbewa za mlonda wacangu ndizo zinadwala khansa ya m'mapapu koposa. Mu 2000 ofufuza a ku Japan anapaka benzpyrene pa khungu la mbewa zopanda mlondayo, ndipo sizinaturuke zotupa.

Pofika apa ambiri anaweruza kuti CYP1A1 ndi mdani. Koma mu 2004 Nebert yemweyo, ali ku Cincinnati, anadyetsa benzpyrene mbewa zopanda enzaimuyi, ndipo zinafa pasanathe masiku 30, mafuta a m'mafupa ao ataonongeka, pamene zinzace zokhala nayo zinadya muyeso womwewo nizikhala bwino. Polowa pakamwa, ciphe cikumana ndi enzaimu ya m'matumbo ndi m'ciwindi, imene icicotsa cisanafike patali. Enzaimu ndi imodzi. Cosiyana ndi khomo limene ciphe calowera. Pa anthu, cimene madotolo aona tsiku ndi tsiku ndi cakuti wosuta fodya acotsa msanga theophylline, mankhwala a mphumu, ndipo afuna muyeso waukuru; akaleka kusuta, maenzaimu atsika m'mlungu umodzi, ndipo muyeso wakale uja umpitirira.

Nyuzipepala zikonda kulemba kuti cakuti-cakuti capezeka coopsa pa mbewa, kapena cabwino pa mbewa, monga ngati mlandu watha. Mbewa ndi mboni yabwino, koma inena za thupi lace. Rifampicin, mmodzi wa mankhwala a cifuwa cacikuru, acurukitsa maenzaimu a ciwindi ca munthu mwamphamvu zedi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 madotolo a ku Germany anasimba za akazi akumwa mapiritsi a kulera pamodzi ndi rifampicin, amene ena a iwo anatenga pakati. Ndipo wodwala wakumwa dolutegravir wa kacirombo ka HIV akayamba rifampicin auzidwa kumwa dolutegravir kawiri pa tsiku, cifukwa ciwindi cimcotsa msanga. Kucurukaku kukhalabe ngati milungu iwiri rifampicin atatha. Koma ciwindi ca mbewa sicisamala rifampicin kweni-kweni, pakuti mlonda wace wa mbali imeneyi ngwosiyana ndi wa munthu. Kunali kufikira mu 2000, pamene ofufuza a ku Salk Institute ku California anaika mlonda wa munthu m'mbewa, kuti mbewa inayamba kuyankha monga munthu.

Pa cuku ca nsawa mbewa isoceretsa koposa. Mu 1960 nkhuku-ndembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya cosakaniza ndi nsawa za ku Brazil, ndipo ciphe cace, aflatoxin, cinapezeka kuti cipangidwa ndi cuku comera pa nsawa ndi cimanga zosauma bwino. Naconso cifuna kuboola kuti cikhale caukali, ndipo cikabooledwa cimamatira pa DNA ya m'ciwindi. Makoswe odyetsedwa kamuyeso kosaoneka ndi maso adwala khansa ya ciwindi. Mbewa zazikuru zidya woposa umenewo ka 1,000 osadwala, cifukwa ziri ndi enzaimu yomanga yacangu kwambiri, imene igwira caukalico ndi glutathione cisanafike pa DNA. Mu 2010 ofufuza anacotsa enzaimu imeneyo, ndipo aflatoxin womamatira pa DNA ya mbewazo anacuruka koposa ka 100.

Munthu alibe womanga wacangu wotere. Pa iye aflatoxin awerengedwa pakati pa zinthu zotsimikizika kuti zibala khansa, ndipo ngozi ikula kambiri pa munthu amene ali kale ndi nthenda ya ciwindi ya hepatitis B. Muyeso waukuru upha m'masiku owerengeka: ku Kenya mu 2004 anthu 317 anadwala ndi cimanga cacuku, ndipo 125 anafa. Kuphika ndi kukazinga sikucotsa ciphe cimeneci. Cicuruka m'nsawa zofota, zosweka ndi zakuda, ndi zimene zinanyowetsedwa madzi kuti zisendeke msanga; ndipo nsawa zotere, zikasankhidwa pokonzera msika, ndizo kawiri-kawiri zitsala pa nyumba, nizisinjidwa nsinjiro za ndiwo ndi phala la ana.